Magazi si A, B ndi O basi

Amene anaperekezapo wodwala kulabu ya chipatala cha boma mwina anaonapo kathailosi koyera ndi timabotolo titatu todonthezera. Ka buluu ndi ka anti-A, kachikasu ndi ka anti-B, ndipo kachitatu, kooneka ngati madzi, ndi ka anti-D. Wa mulabu amadontheza magazi malo atatu, kuwonjezera dontho la mankhwala paliponse, kutakasa ndi kamtengo, kenako n'kumapendeketsa thailosi ija uku ndi uku. Mphindi ziwiri zisanathe, dontho lina limachita timibulumibulu ngati mkaka wosasa, lina limangokhala bwinobwino. Basi, yankho lapezeka, ndipo m'kabuku ka kuchipatala mumalembedwa O+, A+ kapena B-.

Kuyeza kumeneku kwapulumutsa anthu osawerengeka, ndipo palibe angakuderere. Koma zimene zimalembedwa m'kabukumo ndi kachigawo kochepa ka nkhani yonse. Bungwe la International Society of Blood Transfusion limazindikira mabanja a magulu a magazi opitirira 45, ndipo zizindikiro zimene zapezeka pa maselo ofiira a munthu zapyola 350. ABO ndi banja limodzi chabe. Chizindikiro cha D, chimene chimachititsa kuti munthu atchedwe pozitivu kapena negetivu, ndi chimodzi mwa zoposa 50 za m'banja la Rh. Amayi oyembekezera ndi odwala amene amaikidwa magazi pafupipafupi akufunika kuyezedwa mozama kuposa zapathailosi, ndipo nthawi yoti zipatala za m'Malawi zizichita zimenezi mwadongosolo inakwana kalekale.

Zonse zinayambira ku Vienna mu 1901, pamene Karl Landsteiner anatenga magazi ake ndi a anzake a kuntchito n'kumasakaniza maselo a uyu ndi madzi a m'magazi a uyo. Ena ankagwirana, ena ayi. Anapeza magulu atatu, ndipo lachinayi, AB, anzake analitulukira chaka chotsatira. Mu 1930 analandira mphoto ya Nobel, ndipo tsiku lake lobadwa, 14 June, ndilo dziko lonse limathokozera opereka magazi. Chimene anaona n'chakuti munthu wa gulu A ali kale ndi maantibodi, asilikali a m'thupi, odana ndi B. Wa B ali ndi odana ndi A. Wa O ali ndi onse awiri. Asilikali amenewa amayamba kupangika mwana ali ndi miyezi yowerengeka, asanaikidwepo magazi a munthu aliyense. N'chifukwa chake thumba limodzi lolakwika likhoza kuwononga impso n'kupha munthu tsiku lomwelo.

Gulu la magazi ndi lakumtundu. Malangizo ake achibadwa, amene akatswiri amati jini, amakhala pa kromozomu 9, ndipo mwana amalandira imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. A ndi B zimaonekera, O amabisala kumbuyo kwa zinzake. Bambo wa A ndi mayi wa B, ngati onse anabisa O, akhoza kubereka mwana wa A, wa B, wa AB kapena wa O, onse a m'nyumba imodzi. Bambo amene angatsegule kabuku ka mwana n'kuyamba kuloza chala mkazi wake chifukwa mwanayo ndi O, wangolakwitsa masamu. Ndipo thailosi nayo imanama nthawi zina. Mu 1952 dokotala wa ku Bombay, Y. M. Bhende, anafotokoza za anthu amene akayezedwa amaoneka ngati O, koma magazi a O akawalowa m'thupi amawadwalitsa koopsa. Mumzinda umenewo, umene lero ndi Mumbai, munthu mmodzi mwa pafupifupi 10,000 ndi wotere, ndipo angalandire magazi kwa mnzake wamtundu womwewo basi.

Umboni woti ABO yokha siikwanira unaonekera poyera ku New York mu 1939. Philip Levine ndi Rufus Stetson analemba za mayi amene anabereka mwana wakufa kale n'kutaya magazi ambiri. Anamuika magazi a mwamuna wake. Onse awiri anali a O, komabe mayiyo anadwala mwakayakaya. Madokotalawo anazindikira kuti khanda lija linatengera kwa bambo ake chizindikiro chimene mayi analibe, thupi la mayi linachiona ngati mdani ali woyembekezera, ndipo magazi a mwamunayo anapeza asilikali atakonzeka kale. Chaka chotsatira Landsteiner ndi Alexander Wiener, poyesa magazi a anyani otchedwa rhesus, anabweretsa dzina lakuti Rh. Nkhaniyi ikukhudza kuno mwachindunji. Magazi akasowa m'firiji ya chipatala, achibale ndiwo amapemphedwa, ndipo mwamuna wokonda banja lake amakhala woyamba kupinda mkono wa malaya. Apereke ndithu, koma thumba lakelo lipite kwa wodwala wina, osati kwa mkazi wake amene akadali pa msinkhu wobereka.

Maantibodi a Rh ndi anzake ambiri amasiyana ndi a ABO pa zinthu ziwiri. Munthu sakhala nawo mwachibadwa. Thupi limawapanga likakumana ndi magazi achilendo, kaya kudzera m'mimba kaya poikidwa magazi. Ulendo woyamba zonse zimayenda bwino, vuto limadza ulendo wachiwiri kapena wachisanu. Chinanso n'chakuti ambiri mwa iwo sagwiranitsa maselo pathailosi. Amangokakamira pa selo mwakachetechete, diso osaona kanthu, mpaka magaziwo atalowa m'thupi n'kuyamba kuphwanyidwa.

Amene anapeza njira yowaulula anali Robin Coombs, dokotala wa ziweto amene ankachita kafukufuku ku Cambridge, pamodzi ndi Arthur Mourant ndi Robert Race, mu 1945. Madzi a m'magazi a wodwala amasakanizidwa ndi maselo ofiira odziwika bwino zizindikiro zake, n'kufunditsidwa pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Maselowo amatsukidwa, kenako amathiridwa mankhwala amene amagwira antibodi aliyense wokakamira n'kumulumikiza ndi mnzake wa pa selo lina. Zobisika zija zimasanduka timibulu tooneka. Poyamba amayesa ndi maselo a anthu awiri kapena atatu; pakaoneka kanthu, amatenga gulu la maselo pafupifupi 11 kuti adziwe dzina la antibodiyo. Njirayi itangodziwika, mabanja atsopano anayamba kutulukira motsatizana: Kell mu 1946, Duffy mu 1950, Kidd mu 1951, onse otchedwa maina a odwala amene anapezeka nawo koyamba.

Papita zaka pafupifupi 80 tsopano. Komabe m'zipatala zambiri za m'maboma kumwera kwa Sahara kuno, wodwala asanaikidwe magazi amangoyezedwa ABO ndi D, kenako magazi ake n'kusakanizidwa ndi a m'thumba m'madzi amchere, osafunditsa, osathira mankhwala a Coombs. Kusakaniza kotero kumangotsimikiza kuti ABO sinalakwike. Zina zonse zimadutsa.

Oyamba kulipira ndi amayi. Ku Ulaya anthu pafupifupi 15 mwa 100 alionse ndi negetivu. M'maiko ambiri a kumwera kwa Sahara ndi pakati pa 3 ndi 8. Kuchepa kumeneku kwagoneka anthu tulo, ngati kuti vutoli ndi la azungu. Koma m'Malawi mumabadwa ana opitirira 600,000 pachaka, ndipo ngakhale amayi atatu okha mwa 100 atakhala negetivu, ndiye kuti amayi pafupifupi 18,000 chaka chilichonse. Palinso mbali ina imene ambiri saiganizira. Kumene anthu a negetivu ndi ochepa, pafupifupi mwamuna aliyense ndi pozitivu, choncho mayi wa negetivu wa ku Dedza ali ndi mwayi wochepa wokhala ndi khanda la negetivu kuyerekeza ndi mnzake wa ku London.

Matendawa ali ndi kayendedwe kake kodziwika. Mwana woyamba amabadwa wathanzi, koma pobereka timagazi take timalowa mwa mayi, ndipo thupi la mayi limasunga chakukhosi. Pa mimba yachiwiri maantibodi amadutsa pa nsengwa n'kuyamba kuphwanya maselo a khanda. Mwanayo amachita chikasu tsiku loyamba lomwe, ndipo chikasucho chikakwera n'kufika kuubongo, akapulumuka amakula wogontha kapena wopuwala. Wachitatu akhoza kufera m'mimba atatupa thupi lonse. Kumudzi khanda lotupa lili ndi tanthauzo lake kale: akuluakulu amati ndi tsempho, bambo anayenda njira zosayenera, kapena pali mfiti pabanjapo. Milandu imakambidwa, ankhoswe amaitanidwa, mayi amamwa zitsamba zamitundumitundu, pamene choyambitsa chake ndi jini imodzi ya pa kromozomu 1 imene bambo ali nayo ndipo mayi alibe.

Chopweteka n'chakuti mankhwala opewera alipo kuyambira 1968. Madokotala a ku Liverpool ndi a ku New York anapeza kuti mayi wa negetivu akabayidwa jakisoni wa anti-D pasanathe maola 72 atabereka mwana wa pozitivu, timagazi ta khanda tija timachotsedwa thupi lisanatiloweze. Popanda jakisoni, amayi pafupifupi 16 mwa 100 otere amapanga maantibodi. Ndi jakisoni, sakwana awiri. Mankhwalawa amapangidwa kuchokera m'madzi a m'magazi a anthu amene ali ndi anti-D wambiri, monga James Harrison wa ku Australia, amene anapereka maulendo 1,173 asanapume mu 2018. Ngakhale zili choncho, kafukufuku amene anatuluka mu 2020 anayerekeza kuti pafupifupi theka la amayi ofunika jakisoniyu padziko lonse samulandira, ndipo ambiri ndi a m'maiko osauka. Jakisoniyu amafunikanso mayi akapita padera, zimene anthu ambiri sadziwa. Ndipo sathandiza kanthu mayi amene thupi lake linapanga kale maantibodi. Apa m'pamene kuyeza kwa Coombs kumalekanitsa amayi awiri ooneka ofanana: wina akungofunika jakisoni, winayo akufunika kukachirira kuchipatala chachikulu kumene kuli nyali yochotsera chikasu ndi magazi osinthira khanda.

Gulu lina ndi la odwala sickle cell, amene ena mwa iwo amaikidwa magazi kambirimbiri pa moyo wawo. Mu 1990 madokotala a ku Oakland, m'dziko la America, anapeza kuti odwala 30 mwa 100 a sickle cell oikidwa magazi anali atapanga maantibodi, pamene mwa odwala matenda ena oikidwanso magazi kawirikawiri anali 5 okha. Chifukwa chachikulu chinali chakuti odwalawo anali akuda, opereka magazi ambiri anali azungu, ndipo zizindikiro monga C, E ndi K zimapezeka mosiyana m'mitundu iwiriyi. Ku Britain mtundu wa Rh wotchedwa Ro umapezeka mwa opereka magazi pafupifupi awiri mwa 100, koma mwa akuda ndi wofala kwambiri, ndipo ndi umene odwala sickle cell ambiri amafuna. Mmalawi wokhala ku Britain akamva bungwe la NHS Blood and Transplant likuitana anthu akuda mwapadera, asaganize kuti ndi tsankho. Magazi ake akusowadi.

Wina anganene kuti kuno wopereka ndi wolandira onse ndi Aafirika, ndiye nkhawa n'njachiyani? Mbali ina akunena zoona. Kafukufuku wa ku Uganda wa mu 2010 anapeza maantibodi mwa odwala sickle cell pafupifupi 6 mwa 100 oikidwa magazi, kutali ndi 30 ya ku Oakland. Koma ana asanu ndi mmodzi mwa 100 si ochepa, ndipo chiwerengerocho chidzakwera pamene ana ambiri a sickle cell akukula n'kulandira matumba ochuluka. Ku Philadelphia anayesa kupatsa ana otere magazi a anthu akuda okhaokha, ofananitsidwa bwino pa Rh ndi Kell, koma zotsatira za mu 2013 zinasonyeza kuti 58 mwa 100 oikidwa magazi mwezi ndi mwezi anapangabe maantibodi. Atayeza DNA anapeza kuti majini a Rh mwa anthu ochokera ku Africa ali ndi timitundu tambirimbiri. Munthu amaoneka pozitivu pathailosi pamene chizindikiro chake cha D n'chosakwanira, ndipo thupi lake limadana ndi D wathunthu wa mnzake.

Magazi osagwirizana mwanjira imeneyi sadwalitsa pompopompo. Mwana amatuluka m'chipatala akusewera, ndipo patapita sabata imodzi kapena ziwiri amabwerera thupi likutentha, mafupa akuphwanya, maso achikasu, mkodzo wakuda, magazi atatsikanso. Kwa dokotala amene waona ana 100 tsiku limenelo, awa ndi malungo kapena sickle cell yayambiranso, ndipo yankho lake ndi thumba lina la magazi, limene likhoza kuonjezera moto. Kuipa kwake, maantibodi ena, makamaka a Kidd, amazimiririka pakapita miyezi moti ngakhale labu yabwino siwaona, koma amadzuka mwaukali akakumananso ndi mdani wawo. Chitetezo chokhacho ndi kulemba. Antibodi akapezeka kamodzi, dzina lake liyenera kukhala patsamba loyamba la kabuku ka wodwalayo moyo wake wonse, ndiponso m'kaundula amene chipatala china chingamuone kabuku kakatayika.

Magazi a mu Africa ali ndi mbiri yakeyake, ndipo wolemba wamkulu wa mbiriyo ndi malungo. Anthu ambiri a kumadzulo ndi pakati pa Africa alibe chizindikiro cha Duffy pa maselo awo ofiira, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Louis Miller ndi anzake anasonyeza kuti kachilombo ka malungo a vivax kamalowera pakhomo limeneli. Kugombe la Kenya, cha ku Kilifi, kuli mtundu wotchedwa Dantu umene umachepetsa chiopsezo cha malungo aakulu ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Kusiyana kumeneku kuli ndi zotsatira mulabu. Mzungu wa negetivu nthawi zambiri alibiretu jini ya RHD, yopanga chizindikiro cha D, koma mu 2000 akatswiri anapeza kuti Aafirika ambiri a negetivu jiniyo ali nayo, kungoti siigwira ntchito. Makina oyeza DNA okonzedwa poganizira azungu okha akhoza kunena kuti mayi wa negetivu wa ku Mzimba ndi pozitivu. Nawo maselo oyezera maantibodi amene amagulidwa kunja amachokera kwambiri kwa opereka magazi a ku Ulaya, choncho kawirikawiri alibe zizindikiro monga V, VS ndi Jsa, zofala mwa akuda koma zosowa mwa azungu. Antibodi wolimbana ndi zimenezi amadutsa osaoneka ngakhale kuyeza kutachitika mwandondomeko. Palinso anthu pafupifupi mmodzi mwa 100 akuda amene alibe chizindikiro cha U, chimene pafupifupi wina aliyense ali nacho. Akapanga antibodi wake, thumba lowayenera limasakidwa ngati mankhwala osowa. South Africa ili ndi kaundula wa opereka magazi osowa otere. Dziko lililonse la m'chigawo chino likufunika wake.

Mawu otsutsa amphamvu kwambiri ndi akuti dziko limene magazi enieniwo sakwana lisayambe ndi zapamwamba. Amene amanena zimenezi si ogona. Mayi wotaya magazi pobereka ndi mwana wothedwa magazi ndi malungo amafa chifukwa thumba palibe, osati chifukwa cha Kidd kapena Duffy. Bungwe la WHO limati dziko limafunika matumba osachepera 10 pa anthu 1,000 alionse pachaka, ndipo Malawi Blood Transfusion Service, imene inakhazikitsidwa mu 2003, imadalira kwambiri ophunzira a kusekondale ndi m'makoleji. Sukulu zikatsekera magazi amachepa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chimakumana ndi nyengo ya mvula, malungo atafika pachimake. Komanso ngakhale ku Britain, kumene zolakwika zazikulu za kuika magazi zakhala zikulembedwa kuyambira 1996, zambiri zimachokera kwa anthu: botolo lolembedwa dzina la wina, thumba lopachikidwa pa bedi lolakwika. Maselo oyezera nawo amatha mphamvu m'masabata owerengeka ndipo amafuna firiji yosazima. Zonsezi n'zoona.

Koma palibe akunena kuti wovulala pangozi ya minibasi adikire yankho la Coombs, kapena kuti chipatala chaching'ono chilichonse chigule makina. Ofunika kuyezedwa mozama ndi ochepa ndipo amadziwika: mayi wa negetivu, mayi amene anataya ana motsatizana kapena kubereka ana achikasu, ndi wodwala amene waikidwapo magazi kangapo, kaya ndi wa sickle cell, khansa kapena impso. Ambiri mwa iwo sali pachangu cha ola limodzi. Njinga zamoto zimene zimazungulira m'zipatala kutolera magazi oyeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV zikhoza kunyamulanso timabotolo tawo kupita ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, yankho n'kubwera pafoni. Dziko limene linaphunzitsa anthu ake kuyendetsa makina a PCR chifukwa cha HIV silingalephere kuphunzitsa ochepa kuwerenga majini a Rh. Ndipo thumba limene laikidwa mwa wodwala n'kuphwanyika pasabata ndi thumba lotayika. Kuyeza bwino kumasunga magazi omwe akusowawo.

Chuma chachikulu chili mwa opereka magazi obwerezabwereza, monga achinyamata a Club 25, nzeru imene inayambira ku Zimbabwe yoti wachinyamata alonjeze kupereka magazi maulendo 25. Munthu wotere akayezedwa zizindikiro zake zonse kamodzi, yankholo limagwira ntchito moyo wake wonse, pakuti gulu la magazi silisintha. Mwa anthu mazana angapo oyezedwa chonchi mungapezeke owapatsa ana a sickle cell magazi owayenera, a negetivu oitanidwa pafoni usiku, ngakhalenso maselo oyezera maantibodi opangidwa konkuno, okhala ndi V, VS ndi Jsa zimene a kunja alibe. England inayamba mu 2024 kuyeza DNA ya magulu a magazi kwa odwala sickle cell. Kuti dziko la kutali likhale patsogolo kudziwa magazi a Aafirika kuposa maiko a Aafirika eniake, n'zochititsa manyazi pang'ono.

Unduna wa Zaumoyo uike anti-D pa mankhwala osaloledwa kusowa m'chipatala chilichonse chochiritsira amayi, ndipo ulamule kuti mayi aliyense wa negetivu ayezedwe maantibodi mimba isanakule. Podikira zimenezo, mayi amene mukupita kusikelo mwezi uno, tsegulani kabuku kanu muone ngati gulu la magazi linalembedwa. Ngati palibe, funsani anamwino akuyezeni. Mukapezeka negetivu, funsani za jakisoni wa anti-D tsiku lochira lisanafike, chifukwa maola 72 sachedwa kutha.